Kupemphera pakhomo monga banja la Chikatolika: poyambira pake, ndi chochita usiku umene mwayambana

Funso ili ndalimva kokwanira. Tikangotuluka m'kapela Lamulungu wina amandikokera pambali, "a katekista, ife kwathu timafuna tizipemphera pamodzi koma tikayamba zimangotha masiku atatu basi, tizitani?" Ena amafunsa pa foni usiku, ena mpaka pa maliro tikuchokera kumanda. Ndiye ndati ndilembe kamodzi, wina akafunsanso ndizingomutumizira zomwezi.

Ine ndine katekista pa komunidadi ina ya kumudzi kuno ku Angónia, ku Mozambique, ndili pa banja, ana alipo. Zimene ndilembe apa ndi zimene tayesa pakhomo pathu ndi zimene ndaona m'makomo a akhristu anzanga.

Choyamba mumvetse chifukwa chake nkhaniyi ndimaiumirira. Kuno bambo mfumu safika Lamulungu lililonse, parokiya imodzi ili ndi makapela ambirimbiri, ndipo dzinja misewu ikaterera pamatha miyezi osaona Misa, timangochita mapemphero a Mawu tokha. Mwana ku katekezi amakhalako ola limodzi kapena awiri pa sabata, maola ena onsewo ali ndi inu. Afunseni akuluakulu amene anaona zaka za pambuyo pa 1975, sukulu ndi zipatala za mishoni zitatengedwa ndi boma, kenako nkhondo ya pachiweniweni ija anthu n'kuthawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Pa 30 Okutobala 1985 ansembe awiri a Chijezuwiti, João de Deus Kamtedza mwana wa konkuno ku Angónia ndi Sílvio Moreira wa ku Portugal, anaphedwa ku Chapotera kufupi ndi Lifidzi. Ansembe atasowa m'midzi, amene ankagwira dzanja la mwana kumuphunzitsa chizindikiro cha mtanda anali amayi athu ndi agogo athu, m'zisakasa, mpaka mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Msonkhano waukulu wa maepiskopi wa Vatican II mu 1964 unatchula banja kuti ndi Mpingo wa pakhomo, ifeyo mawu amenewa tinawaona ndi maso.

1. Kambiranani kaye awirinu, ana asanamve

Apa ndi pamene ambiri mumaphonya tsiku loyamba lomwe. Mayi abwera ku msonkhano wa gulu lopemphera la Legio ya Maria mtima uli moto, afika n'kulengeza pabwalo kuti kuyambira lero muno tizipemphera kolona, bambo akumva limodzi ndi ana ngati nawonso mwana. Mwamuna wotere sabwera, olo atabwera akhala kumbuyo nkhope itagwa. Makamaka amene ali pa chikamwini, amadziona kale ngati mlendo pamudzi pa eni, ndiye mukamulamula pamaso pa ana ndi apongozi mwamutsekera khomo.

Kambiranani muli awiri, kuchipinda kapena pobwera kumunda. Mugwirizane zinthu zitatu zokha, nthawi, malo, ndi woitana anthu. Ndimalimbikitsa kuti woitana akhale bambo ngati alipo, osati chifukwa pemphero la mayi ndi lochepa ayi, koma anyamata athu akafika zaka 12 kapena 13 amayang'ana bambo awo, akaona kuti bambo sagwada amati zopempherazi ndi za azimayi ndi tiana.

Ngati mnzanuyo ndi wa mpingo wina, monga a Reformada amene alipo ambiri kuno, musayambe ndi kolona. Yambani ndi zimene nonse mumazidziwa, Atate Athu ndi Uthenga Wabwino, kolona muzipemphera ndi ana nthawi ina popanda kunyoza za mnzanu. Ngati akana zonse, yambani inu ndi ana, mpando wake muziusiya pamalo pake, ndipo musamatume ana kukamuitana mokhala ngati kumuchititsa manyazi. Monika Woyera anapempherera mwamuna wake ndi mwana wake Augustino zaka zambiri, onse anadzabatizidwa.

2. Nthawi yake imangirireni ku mphika

Musanene kuti tizipemphera tikamakagona. Tikamakagona kulibe, wina wagona kale pamkeka, wina ali pa novela kwa aneba a sola, bambo sanabwere ku baraka. Musanenenso za wotchi, 19 koloko ya kumudzi imasuntha.

Kwathu chimene chagwira ndi ichi. Ndiwo zikapsa, madzi a nsima akangoikidwa pamoto, ndiyo nthawi. Aliyense amakhala wafika chifukwa njala yamubweza, palibe amene akusinza chifukwa sanadye, ndipo madziwo amatenga mphindi ngati khumi kuti afike pothira ufa, ndiye pemphero lili ndi malire ake, ana amadziwa kuti sititha ola. Mu Juni ndi Julaye kuzizira kwa kuno mukukudziwa, tonse timakhala kale kukhitchini tazungulira moto, palibe chovuta. Miyezi yolima, Disembala mpaka Febuluwale, anthu atopa ndi khasu, fupikitsani koma musadumphe.

Mafoni onse mulichero, chafufumimba, kuyambira ya bambo. Mukasiya yanu m'thumba n'kumayankha mauthenga pakati pa Tikuoneni Maria, musadabwe mwana akachita zomwezo.

3. Malo

Izi sizifuna ndalama. Mtanda pakhoma, chithunzi cha Amayi Maria ngati muli nacho, kanjedza wa Lamulungu la Kanjedza, basi. Kandulo ndi yabwino koma nyumba ya udzu ndi neti ya udzudzu samalani, bola tochi. Chimodzi chokha ndichenjeze, madzi odalitsidwa ndi kolona si zithumwa. Ndaona kolona itamangidwa m'chiuno mwa khanda limodzi ndi mkuzi wa kwa sing'anga. Kolona ndi yopempherera, madzi odalitsidwa amatikumbutsa ubatizo wathu, mwana aphunzire zimenezo kwa inu.

4. Zonena pa mphindi khumizo

Cholakwa chachikulu ndi kuyamba ndi katundu wolemera. Tsiku loyamba kolona yathunthu, litaniya, nyimbo zitatu, kenako ulaliki wa bambo, pofika Lachinayi aliyense akuthawa. M'mera mpoyamba, mbewu yanthete siithiridwa ndowa yonse.

Yambani ndi chizindikiro cha mtanda, pang'onopang'ono, wamng'ono mumugwire dzanja. Kenako aliyense atchule chinthu chimodzi chimene akuthokoza Mulungu lero, chenicheni, osati "zonse zimene mwatichitira". Mbuzi yapezeka, mvula yagwa, mayeso ndakhoza, zoterozo. Mukatero khalani chete pang'ono aliyense akumbukire chimene walakwa lero, kachetechete ameneyu musamudumphe, tidzamufuna pa nambala 6. Ndiye Atate Athu, Tikuoneni Maria khumi, Ulemu kwa Atate. Pomaliza mapempho, odwala, amene ali paulendo, ndi akufa athu powatchula maina, ana adziwe kuti agogo amene anagona kumanda aja timawapemphererabe. Bambo kapena mayi alembe kamtanda pachipumi pa mwana aliyense ndi chala. Kholo lili ndi mphamvu yodalitsa mwana wake, simufunika kudikira ansembe pa chimenechi.

Khumi limodzi la kolona pa tsiku ndi lokwanira poyamba. Kuti musasokoneze, zinsinsi zokondweretsa ndi za Lolemba ndi Loweruka, zachisoni Lachiwiri ndi Lachisanu, zaulemerero Lachitatu ndi Lamulungu, zakuwala Lachinayi. Zakuwalazi anawonjezera ndi Papa Yohane Paulo II mu 2002, n'chifukwa chake agogo ena sazidziwa ndipo timabuku takale mulibe, musakangane nawo, ingowafotokozerani. Kolona yathunthu muisungire Loweruka, komanso mwezi wa Meyi ndi wa Okutobala.

Za chilankhulo, ana athu kusukulu ndi Chipwitikizi, ena ku katekezi ya m'tauni aphunzira Pai Nosso ndi Ave Maria, kunyumba agogo amadziwa Chichewa chokha. Maganizo anga, pakhomo pempherani m'chilankhulo chimene mumakalipirana ndi kupepesana nacho. Mwana adziwe zonse ziwiri, koma liwu loti "mutikhululukire" limulowe m'Chichewa.

Muzisinthana otsogolera. Mwana wa zaka 7 akhoza kutsogolera Tikuoneni Maria, akalakwitsa musamuseke, musamukalipire pakati pa pemphero, mudzamukonze mawa masana.

5. Loweruka madzulo werengani Uthenga wa mawa

Funsani katekista kapena animadori (wotsogolera mapemphero) wanu kuti mawa tiwerenga pati. Mawerengo a Lamulungu amayenda zaka zitatu, chaka A Mateyo, B Marko, C Luka, Yohane amalowa makamaka nyengo ya Pasaka. Mwana wodziwa kuwerenga awerenge kawiri, kenako funsani funso limodzi lokha, "ndi mawu ati amene akukhudza?" Aliyense anene, palibe wokhoza kapena wolephera. Bambo musasandutse ulaliki, ine vuto limeneli ndinali nalo, akazi anga anachita kundiuza kuti ana akufuna kumva Yesu pang'ono osati inu nokha.

Pogula Baibulo yang'anani ngati muli Tobiti, Yuditi ndi mabuku a Amakabeo. La Chikatolika lili ndi mabuku 73, ena ali ndi 66. Ngati muli nalo kale la 66 ligwiritseni ntchito, Uthenga Wabwino ndi womwewo. Koma a pabanja dzawerengeni Tobiti mutu 8, pamene Tobiyasi ndi Sara anadzuka kupemphera usiku woyamba wa ukwati wawo.

6. Usiku umene mwayambana

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndi pamene timabuku tambiri timangodutsa. Mabanja amene amandiuza kuti tinayamba koma zinatha, ndikafunsitsa kuti zinatha tsiku liti, pafupifupi onse amatchula tsiku limene anakangana. Ulesi ndi kutopa zimadumphitsa tsiku limodzi, koma mkangano umapha pemphero la pakhomo, chifukwa palibe amene amafuna kukhala woyamba kuitana, ndipo masiku akachuluka manyazi amalowapo.

Ndinene za ine mwini. Chaka china titagulitsa mbatatesi ndinachotsapo ndalama osawauza amake ana, zina ndinabwereketsa m'bale wanga zina ndinadyera kumsika ndi anzanga. Atawerenga anapeza zaperewera, anandifunsa ana ali pompo, ine ndinayankha mawu oipa kwambiri, mawu okhudza kwawo. Madzulo madzi ali pamoto ndinaitana pemphero ngati palibe chachitika. Tinayamba Atate Athu, titafika poti "mutikhululukire zochimwa zathu monga ifenso tikhululukira adani athu" ndinamva kuti mawu akumveka ndi anga okha. Amake ana anali chete, mwana wathu wamkulu wamkazi akungoyang'ana moto misozi ili m'maso. Mawa lake sindinaitane, iwonso sanaitane, tinatha masabata awiri. Ndipo Lamulungu ndinkaimabe kutsogolo m'kapela kuphunzitsa anthu. Zimenezi zimandipwetekabe mpaka lero.

Yesu pa Mateyo 5:23-24 ananena kuti ukabwera ndi chopereka ku guwa n'kukumbukira kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, usiye choperekacho ukayambe wayanjana naye. Paulo pa Aefeso 4:26 akuti dzuwa lisalowe tili chikwiyire. Mavesiwa timawadziwa tonse, chovuta ndi kachitidwe kake munthu mtima uli m'mwamba. Ndiye nazi zimene taphunzira.

Pemphero lichitike ndithu usiku umenewo, koma lisakhale lachiphamaso. Woitana aitane ngati masiku onse. Ngati mitima ikadali yotentha, nenani poyera kuti lero muno simuli bwino, tipemphere Atate Athu yekha, Mulungu atithandize. Mphindi imodzi basi. Chofunika ndi choti chingwe chisaduke, komanso ana aone kuti kwa Mulungu timapitako ngakhale zinthu zitaipa.

Pemphero lisakhale chikwapu. Ili ndi tchimo la ife opemphera kwambiri. "Ambuye, sinthani mitima ya anthu ena m'nyumba muno amene amamwa ndalama za feteleza." Kapena bambo kusankha dala vesi loti akazi mverani amuna anu tsiku limene akangana. Uku si kupemphera, ndi kupitiriza ndewu mutatseka maso, ndipo mwana amene wakulira zimenezi amadana ndi pemphero moyo wake wonse. Usiku wa mkangano palibe kutchula zolakwa za wina m'mapempho, aliyense atchule zake kapena akhale chete.

Kapepesedwe kake. Kachetechete uja wa pa nambala 4 ndiye khomo lake. Wolakwa atchule chimene anachita ndi dzina lake. Ine tsiku limene ndinalimba mtima ndinati, "Amake ana, ndinatenga ndalama osakuuzani, ndipo ndinakunyozani pamaso pa ana. Ndinalakwa, pepani." Musanene kuti "ngati ndinalakwa", ngatiyo amatanthauza kuti simukuvomera. Musawonjezere "koma inunso", mukangoti koma mwafufuta zonse. Zimene mnzanu analakwa mudzakambirane tsiku lina muli awiri.

Chimene chinachitika pamaso pa ana chikonzedwe pamaso pa ana. Abambo ambiri apa amakana, amati ndikapepesa ana akuona ulemu wanga utha. Ndikumva, chifukwa ife tinakula osamvapo bambo athu akunena pepani kwa mayi, mwamuna ankangobwera ndi kapulana (chitenje) yatsopano kapena nyama, nkhani n'kutha choncho osaitchula. Kapulana ndi yabwino, gulani, koma siyankhula. Mwana amene anamva chipongwe ayenera kumvanso pepani, apo ayi adzakula akudziwa kuti munthu ukhoza kunyoza mkazi masana n'kutsogolera kolona madzulo. Ine ulemu wanga sunathe, mnyamata wanga kuyambira nthawi imeneyo ndi pamene anayamba kundiuza zinthu zake. Koma nkhani za kuchipinda, za chigololo ndi zina zolemera, zimenezo si za pamaso pa ana, ndi za awirinu ndi ankhoswe.

Wolakwiridwa musamukakamize kumwetulira pompo. Amake ana tsiku lija sananene kuti ndakhululuka, anangoti "ndamva". Zinatenga masiku. Kunena kuti ndamva, ndipatseni nthawi, ndi yankho lachikhristu ndithu, bola musasunge nkhaniyo ngati chida chodzatulutsa chaka chamawa. Ndipo wopepesa abweze chimene chingabwezedwe, ine ndalama zija ndinachita kukagwira ganyu kuti zibwerere m'chitini. Pepani wopanda kubweza amafanana ndi kulapa kopanda kuchita chindapusa chimene ansembe akupatsa.

Makolo kupepesa kwa mwana nakonso kulipo. Mwamumenya chifukwa cha ndalama imene inasowa, kenako yapezeka m'thumba la jekete lanu. Muitaneni, muuzeni kuti ndinakunamizira, pepa mwana wanga. Papa Fransisko m'kalata yake ya za mabanja ya 2016 anakumbutsa mawu atatu oyenera kumveka pakhomo, kupempha chilolezo, kuthokoza, ndi kupepesa. Awiri oyambawo Achewa ndi Angoni timawatha, zikomo ali pakamwa nthawi zonse. Lachitatuli kuchokera kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono ndi limene tiyenera kuphunzira.

Munthu akabwera ataledzera, usiku umenewo si wokambirana kapena kupepesana, ndipo asatsogolere pemphero. Pempherani mwachidule ndi ana, nkhani mawa kukacha.

Tsono ndinene momveka, chifukwa ena amapotoza. Zonse ndanenazi ndi za mikangano ya m'banja, si za nkhanza. Ngati mukumenyedwa, ngati ana akuzunzidwa kapena kugwiriridwa, musauzidwe kuti pirirani ndi mtanda wanu. Mpingo sukukakamizani kukhala pamalo pamene moyo wanu uli pangozi. Uzani ankhoswe, uzani bambo mfumu kapena masisitere, ndipo kupolisi kuli ofesi yoona za nkhanza za m'banja, dziko lathu lili ndi lamulo la zimenezi kuyambira 2009. Kukhululuka sikuletsa kudziteteza.

Pomaliza pa mfundo iyi, kupepesana kunyumba sikulowa m'malo mwa sakramenti la kulapa. Lamulo la Mpingo ndi loti tilape machimo aakulu kosachepera kamodzi pa chaka ndi kulandira Ukaristiya nyengo ya Pasaka, koma ameneyo ndi malire a pansi. Mukamva kuti bambo mfumu akubwera ku kapela, pitani banja lonse, ndipo bambo mukhale oyamba pamzere ana akuona.

7. Ukwati wanu uli pati?

Funso ili ndi lowawa koma ndiyenera kufunsa. Mabanja ambiri kuno analowana mwa mwambo, ankhoswe alipo, ana anayi asanu, koma ukwati sunadalitsidwe, ndiye zaka zikupita onse awiri osalandira Ukaristiya, nthawi yolandira amangokhala pa benchi mitu ili pansi. Mukawafunsa akuti tikudikira ndalama. Abale, ndalama zimene mukudikirazo ndi za phwando, veu, keke, zokuzira mawu ndi ng'ombe. Sakramenti limafuna inu awiri, wansembe ndi mboni ziwiri. Pitani kwa katekista mukalembetse, muchite maphunziro, mufufuze makadi anu a ubatizo msanga chifukwa amene anabatizidwira ku Malawi nthawi yothawa nkhondo pamatenga nthawi kuti mapepala apezeke. M'maparokiya ambiri amadalitsa maukwati angapo tsiku limodzi, palibe chamanyazi.

Ngati nkhani yanu ili yopiringizika, wina anakwatirapo kale mu tchalitchi kapena pali mitala, musadzigamule nokha ndipo musamvere za m'njira, kakambeni ndi bambo mfumu. Pakadali pano pemphero la pakhomo musasiye, ana abatizidwe, ku kapela muzibwera. Posankha padirinyu ndi madirinya, omuimirira mwana pa ubatizo, musayang'ane amene ali ndi njinga yamoto kapena golosale, yang'anani amene amapemphera, amene analandira kale sakramenti la kulimbitsa ndipo amalandira Ukaristiya.

Chiyero cha m'banja ndi chotheka. Louis ndi Zélie Martin, makolo a Tereza Woyera wa Mwana Yesu, anatchulidwa oyera limodzi mu 2015. Bamboyo anali wokonza mawotchi, mayiyo woluka nsalu, anabereka ana 9 ndipo anayi anawaika m'manda ali aang'ono. Amayi ambiri kuno ululu umenewo akuudziwa.

8. Mwana akadwala

Chikhulupiriro cha pakhomo chimayesedwa usiku umene mwana watentha thupi n'kuyamba kukomoka. Achibale amafika, wina akuti izi si zachabe tiyeni tikaombeze, ndipo kawirikawiri chala chimakathera pa agogo ena okalamba amene alibe owateteza. Gwirizanani awirinu lero, mwana ali bwinobwino, kuti zikadzachitika tidzathamangira kuchipatala, tikupemphera m'njira, ndipo m'nyumba muno simudzatchulidwa munthu kuti ndi mfiti. Mukadikira tsikulo simudzalimba, mantha ndi mawu a akuluakulu adzakugonjetsani. Malungo sachedwa kupha mwana, maola amene mwataya kwa woombeza ndi omwe akanamupulumutsa. Kupempheranso kokha mwana ali kunyumba osapita naye kuchipatala ndi kulakwa komweko.

Achibale ayankheni mwaulemu, "malume, tamva nkhawa yanu, koma ife tapita kuchipatala, tiperekezeni." Ngati khanda losabatizidwa lili pafupi kufa ndipo wansembe kapena katekista palibe, aliyense akhoza kubatiza, thirani madzi pamutu katatu mukunena kuti ndikukubatiza m'dzina la Atate, ndi la Mwana, ndi la Mzimu Woyera, kenako mudzadziwitse ku parokiya kuti alembe. Wamkulu akadwala kwambiri itanani ansembe adzamudzoze akadali kuzindikira, kudzoza odwala sikuitana imfa.

9. Pemphero lituluke pakhomo

Pafupi nanu pali nkhalamba yokhala yokha kapena ana amasiye. Sankhani khomo limodzi, Lachisanu lililonse mwana wanu akatungireko madzi kapena kukasiya nkhuni, miyezi ya njala ya Januwale ndi Febuluwale kambale ka ufa. Pa Lenti chimene mwadzimana chipite komweko, ndipo Lachisanu pitani ku Njira ya Mtanda limodzi. Amene mungakwanitse, ulendo wa kwa Amayi Maria ku Zóbuè mudzapiteko ndi ana olo kamodzi.

10. Wina akakhala kutali, kapena mukadukiza

Abambo ambiri ali ku Moatize, ku Tete mumzinda, ena ku Joni, ana ena ali ku sukulu yogonera konko. Nthawi ija ya mphika isasinthe. Amene ali kutali adziwe kuti kwathu pano madzi ali pamoto, aime pamene alipo achite chizindikiro cha mtanda ndi Atate Athu. Ma mega akakhalapo imbani pa WhatsApp, foni muiike pakati, bambo atsogolere khumi lawo ali komweko, akapanda ingotumizani kauthenga koti tapemphera, takutchulani. Kunyumba dzina lake lizitchulidwa m'mapempho tsiku lililonse.

Mudzadukiza ndithu, kukagwa maliro, nthawi yokolola, alendo akadzaza nyumba. Alendo musawaope, auzeni kuti muno timapemphera nthawi ino, khalani nafe, ambiri amakhala. Mukaona kuti papita masiku, musafufuze kuti analekesa ndani ndipo musadikire Lamulungu kapena mwezi watsopano. Kwathu tinapatsa udindo umenewu mwana wamng'ono, iye ndi amene amaloledwa kutenga lichero n'kuyamba kutolera mafoni madzi akangoikidwa pamoto, ndipo tinagwirizana kuti akabwera nalo palibe womubweza, olo bambo.